Mlomo wa mfuti: pomwe chipolopolo chimayambira kusokera

[Pa tebulo pali mfuti, kathonje ndi tepi wakuda]

Moni nonse, takulandiraninso. Kuno ku Mzuzu kwacha ndi kamvula kowaza, nyengo imene dzimbiri limasangalala nayo. Mfuti ndagwirayi ili ndi chiphaso cha kupolisi, mulibe chipolopolo, ndipo bolt yake, kachitsulo kotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, ndachotsa, nayi. Musadzasuzumire kukamwa kwa mfuti musanachite zimenezi.

[Kamera iyandikira kumapeto kwa mpope]

Taonani apa. Kampheto aka, pomwe mizere ya m'kati mwa mpope, imene imazungulitsa chipolopolo, imathera, amisiri a mfuti amakatcha crown. Ine ndiziti mlomo. Ndi malo omaliza amene chipolopolo chimakhudza chisanapite.

Tiyerekeze ndi Lee-Enfield ya .303, imene asilikali a King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ankanyamula. Chipolopolo chake chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 740 pa sekondi, chikuzungulira kamodzi pa mainchesi 10 aliwonse. Mukawerengetsa, ndiye kuti chikuzungulira maulendo oposa 2,900 pa sekondi. Kumbuyo kwake kuli mpweya wotentha wa wonga, wopanikizika kwambiri, ukufuna potulukira. Mlomo ukakhala wofanana mbali zonse, mpweyawo umatuluka mozungulira nthawi imodzi ndipo chipolopolo chimanyamuka chili chilili. Pakakhala kophwanyika mbali imodzi, mpweya umayambira pamenepo kuthawa n'kukankha thako la chipolopolo. Munathirirapo dimba ndi payipi? Mukangoika chala m'mphepete, madzi amakhota. Kupendeka kumene maso sangakuone pano kumakaonekera pa chandamale cha mamita 100.

Kasemedwe ka mlomo kamasiyanasiyana. Wina ndi wathyathyathya, wodulidwa mowongoka ngati mwadula nzimbe ndi mpeni wakuthwa. Umawombera bwino, koma m'mphepete mwa bowo muli poyera, mukangougunditsa pamwala mwauvulaza. Wina ndi wobulungira, ngati uwu. Chitsulo chakunja chimatumphuka pang'ono, ndiye chikagunda pansi ndi chimene chimalandira nkhonya, mizere ili m'kati osakhudzidwa. Mfuti zambiri zosakira ndi zankhondo zimabwera choncho. Palinso wolowa m'kati, pomwe mmisiri amasema kadzenje n'kusiya khoma mozungulira.

Ndiye pali wotchuka uja, wa madigiri 11. Nkhope ya mpope imasemedwa motsetsereka pang'ono kulowera ku bowo, ngati kambale kosaya. Ochita mipikisano yowombera chandamale amaukonda kwambiri, ndipo ambiri amati pa madigiri amenewo mpweya umachoka osasokoneza chipolopolo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikunena ndi mtima wonse: musataye ndalama kusintha mlomo wabwinobwino pofuna nambala 11. Chofunika n'chakuti mlomo ukhale pakatikati pa bowo, wosapendama, wopanda kachibanthu. Wobulungira wosemedwa bwino umaposa wa madigiri 11 wosemedwa mopotoka. Kusiyana kwenikweni kwa mitunduyi kuli pa chitetezo. Woyang'anira nyama ku Vwaza kapena ku Nyika, amene mfuti yake imakwera ndi kutsika galimoto, kugona pansi, kudutsa m'matope, akufunika mlomo wobisika, wobulungira kapena wolowa m'kati.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti milomo yambiri siwonongedwa ndi miyala, koma ndi mwiniwake potsuka. Ma .303 aja ankatsukidwa ndi kachingwe kokoka m'kati mwa mpope. Msilikali akamakoka chammbali, chingwe chodzaza mchenga chinkapala mlomo mbali imodzi, tsiku ndi tsiku, mpaka bowo kusiya kukhala lozungulira. Kandodo kachitsulo kolowetsera kukamwa kamachitanso chimodzimodzi. Ngati mfuti yanu ikulola, tsukirani kumbuyo. Ngati ndi chingwe, kokani mowongoka. Mfuti zambiri za Mosin-Nagant za ku Russia zinakonzedwa poboola kukamwa kuti mizere ithere m'kati, pomwe chitsulo chinali chisanadyeke.

[Atenga kathonje]

Kuyeza kwake n'kosavuta. Zungulitsani kathonje pang'onopang'ono m'mphepete mwa bowo. Ulusi ukakodwa, pali kachibanthu. Njira ina ndi mwaye. Mukachoka kowombera, musanapukute, chotsani zipolopolo zonse n'kuyang'ana nkhope ya mpope. Mwaye umajambula nyenyezi, mwendo umodzi pa mzere uliwonse. Pa Lee-Enfield ya mizere isanu muwerenga miyendo isanu yofanana. Wina ukatalika kapena kusowa, mlomo ndi wodwala. Ngakhale mfuti ya mpweya imavutika ndi zomwezi, chifukwa kachipolopolo kake ka mtovu n'kopepuka.

Mukapeza vuto, chonde musatenge tupa kapena sandipepala. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wa mfuti wovomerezeka, amene amaika mpope pa makina a lathe, kuwunika kuti bowo likuzungulira pakati, n'kusenga kachitsulo kochepa kwambiri.

[Amata tepi pakamwa pa mfuti]

Pa mvula ya kuno, kachidutswa kamodzi ka tepi wamagetsi pa mfuti ya wonga kamatchinga madzi ndi matope, ndipo mpweya umene umatsogola chipolopolo umakaphulitsa chisanafike. Mukafika kunyumba kamatuleni, pukutani mlomo, pakani kadontho ka oyilo, chifukwa chinyezi chikagona pansi pa tepi, dzimbiri limayambira pomwepo.