Kuyenda wapansi mu Valletta: polowera, potsikira ndi nthawi ya mzinga

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi, ku Joni, ku UK kapena konkuno ku Malta komwe enafe tikusakira ya sopo. Lero tikambe za Valletta, likulu la dziko lino. Ambiri a ife timangodutsapo posintha basi, koma tsiku limene kwabwera mlendo, kapena tapeza tchuthi cha tsiku limodzi, timasowa poyambira.

Mzindawu ndi waung'ono zedi. Kuchokera pachipata chachikulu, City Gate, kukafika kunsonga komwe kuli linga la St Elmo ndi mtunda wa kilomita imodzi basi. Poona pamapu munthu amati ola limodzi ndamaliza. Chimene mapu sakuuzani n'chakuti Valletta anamangidwa pamsana pa phiri lolowa m'nyanja, ngati mzere wa mbatata. Msewu wa Republic Street ukuyenda pamwamba pa mzerewo, ndipo misewu yonse yodutsa chopingasa imatsetsereka mbali ziwiri: kudzanja lamanja kutsikira kudoko la Grand Harbour, kumanzere kutsikira kudoko la Marsamxett. Nthawi iliyonse imene mwakhotera kumbali, dziwani kuti mwatenga ngongole ya chitunda. Amene amatopa nthawi isanakwane 2 koloko ndi aja amatsika uku, kukwera, kutsikanso mbali inayo. Yambirani pamwamba, tsikani kamodzi, ndipo pokwera mukwere chikepe.

Tiyambe ndi kafikidwe. Mabasi ambiri a pachilumbachi amathera padepoti yomwe ili kunja kwa City Gate, pafupi ndi kasupe wamkulu wa Triton. Ngati ndinu wokhala kuno ndipo muli ndi khadi ya Tallinja ya dzina lanu, basi za masana n'zaulere kuyambira pa 1 October 2022. Mlendo amalipira pakati pa mayuro awiri ndi atatu malinga ndi nyengo, ndipo tikitiyo imagwira ntchito maola awiri, choncho musaitaye mukatsika. Pasiteji muziimika basi ndi dzanja, apo ayi ikudutsani, ndipo ikadzaza siima ngakhale mutakupiza manja onse awiri. Galimoto musalowe nayo mumzinda. Makamera amawerenga nambala n'kukulipiritsani nthawi imene mwakhalamo, komanso poimika palibe. Isiyeni ku Floriana, tauni ya kunja kwa chipata. Magalimoto kuno amayenda kumanzere ngati kwathu, poti nawonso analamulidwa ndi Angerezi mpaka pa 21 September 1964, miyezi iwiri ndi theka Malawi atalandira ufulu wake.

Ochokera ku Sliema, tauni ya kutsidya kwa Marsamxett, amakonda boti, ndipo ulendowo ndi wa mphindi zosakwana 15. Koma botilo limakutsitsani pansi penipeni kumbali ya Marsamxett, ndiye mumayamba tsiku ndi chitunda chowawa. Ngati muli ndi agogo kapena mwana wa m'ngolo, bwerani pabasi, boti mudzakwere pobwerera.

Fikani nthawi isanakwane 9 koloko. Chifukwa chake ndi sitima zikuluzikulu za alendo zimene zimakocheza ku Valletta Waterfront. Sitima imodzi imatha kutsitsa anthu masauzande, ndipo pofika 10 koloko onse amakhala ali pamzere pakhomo limodzi, la tchalitchi cha St John's Co-Cathedral. Choncho mukalowa pachipata musachedwe ndi zithunzi. Kudzanja lamanja muona nyumba yamalamulo yatsopano imene anaijambula Renzo Piano n'kutsegulidwa mu 2015, kenaka zipilala za nyumba ya zisudzo imene inaphwasulidwa ndi mabomba mu 1942. Zimenezi mudzazipeza madzulo. Lunjikani ku St John's.

Kunja tchalitchichi sichikopa maso, chikuoneka ngati linga. Anachimanga Girolamo Cassar m'zaka za m'ma 1570, asilikali a chipembedzo a gulu la St John atangoyamba mzindawu. Mwala woyamba wa mzinda anauika mtsogoleri wa gululo, Jean de Valette, pa 28 March 1566, atapulumuka nkhondo ya chaka cha 1565 pomwe asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey anawazinga kwa miyezi pafupifupi inayi. M'kati ndiye mulibe khoma lopanda chosema kapena golide. Kudenga kuli zithunzi za moyo wa Yohane M'batizi zimene anajambula Mattia Preti. Koma yang'anani pansi. Pomwe mukupondapo ndi pamanda, pafupifupi 400, aliwonse ovundikiridwa ndi mwala wa nsangalabwi wa mitundumitundu: mafupa a mutu, angelo, zishango za mabanja, mawu a Chilatini. N'chifukwa chake nsapato za gogoda zosongoka saloleza, zimaboola miyalayo. Mapewa ndi mawondo ziyenera kubisika, amuna ndi akazi omwe. Amayi, ponyani chitenje m'chikwama, chikuthandizani pakhomo pano, komanso padzuwa.

M'chipinda cha pambali, cha Oratory, muli chithunzi cha Caravaggio cha 1608, cha kudulidwa mutu kwa Yohane M'batizi. N'chachikulu, mamita oposa asanu m'lifupi. Imani patali kaye, kenaka sunthirani pafupi muyang'ane magazi akutuluka pakhosi pa Yohane: m'magazimo ndi momwe wojambulayo analembamo dzina lake, ndipo palibenso chithunzi china chimene iye anasainapo. Chaka chomwecho anachita ndewu, anatsekeredwa m'linga la St Angelo, n'kuthawira ku Sicily, ndipo gululo linamuchotsa. Tikiti ya akuluakulu ndi ya mayuro cha m'ma 15, ndipo amakupatsani kachipangizo komvera pakhutu kofotokoza zonse. Kwa munthu wotumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, imeneyi si ndalama yochepa, koma ngati mukufuna kulipira pakhomo limodzi lokha mu Valletta yense, lipirani pano. Lamulungu ndi masiku a tchuthi alendo salowa, mumakhala Misa yokha. Ambirife tsiku lopuma ndi Lamulungu lomwelo, ndiye pemphani tsiku lina kuntchito.

Mukatuluka, moyang'anizana ndi khoti lalikulu pali chipilala chokumbukira nkhondo ya 1565. Maluwa, makandulo ndi zithunzi zimene muonepo ndi za mtolankhani Daphne Caruana Galizia, amene anaphedwa ndi bomba la m'galimoto pa 16 October 2017. Nkhani imeneyi ikadali yowawa kwa eni dziko, musamajambulitsepo zoseka.

Tsopano yang'anani wotchi. Nthawi ya 12 koloko masana, ndiponso 4 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, amaomba mzinga ku Saluting Battery, kunsi kwa munda wa Upper Barrakka. Kuonera muli pakhonde la pamwamba n'kwaulere, amalipira ndi okhawo otsikira pomwe pali mizingayo. Fikani kutatsala mphindi 20, apo ayi muona misana ya anzanu. Mwana wamng'ono mutsekeni makutu, chifukwa mzingawo umagunda mpaka m'chifuwa. Popita kumeneko mudutsa Auberge de Castille, imene inali nyumba ya asilikali a ku Castille ndi Portugal koma lero ndi ofesi ya nduna yaikulu. M'kati salowa.

Pakhondelo ndi pomwe mungamvetse chifukwa chimene mafumu ankalimbirana kachilumba kopanda mtsinje n'komwe. Doko lonse lili pansi panu, lakuya, lotetezeka kumphepo, ndipo kutsidya kuli matauni a Birgu, Senglea ndi Cospicua, ndi linga la St Angelo kutsogolo. Zombo za nkhondo za gulu la St John zinkapalasidwa ndi akapolo, ambiri mwa iwo Asilamu ogwidwa panyanja kuchokera ku Turkey ndi kumpoto kwa Africa, ndipo mu Valletta momwemo munali ndende yawo. Zikwangwani za alendo sizikamba kwambiri zimenezi, koma golide wa m'tchalitchi muja ndi thukuta la anthu amenewa n'zoyendera limodzi.

Zakudya. Pamabwalo akuluakulu mumalipira mpando ndi mthunzi, osati chakudya. Lowani timisewu ta m'mbali mufunse pastizzi, timakeke totentha ta mafuta ta tchizi kapena nsawawa, mtengo wake sufika yuro imodzi. Atatu akwana. Ofuna chokhalitsa m'mimba agule ftira, buledi wozungulira woikamo tuna, matimati, azitona ndi mafuta ake. Pa Merchants Street pali msika wofolera wa Is-Suq tal-Belt, muli mthunzi ndi zimbudzi, ngakhale mitengo yake ndi ya alendo. Madzi a pampopi sadwalitsa, koma ambiri ndi a m'nyanja osefedwa, kotero kakomedwe kake si ka aliyense. M'miyezi ya June mpaka September tengani malita awiri munthu mmodzi. Kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo miyala ya chikasu ya nyumbazi imabweza dzuwa kumaso, choncho ngakhale wokulira ku Nsanje asadzitame. Pakati pa 1 ndi 3 koloko khalani m'kati mwa nyumba. Malo abwino othawirako ndi nyumba yosungira zakale ya National Museum of Archaeology pa Republic Street, komwe kuli kachiboliboli ka mayi wogona cham'mbali, kokwana m'dzanja, ka zaka pafupifupi 5000.

Dzuwa likapendeka tsikani. Tsatani St Paul Street, ndipo mukhotere ku tchalitchi cha St Paul's Shipwreck. Amene munakulira Sande sukulu mukukumbukira Machitidwe 27 ndi 28, pomwe chombo cha Paulo chinasweka pachilumba cha Melita, njoka n'kumuluma padzanja akusonkha moto. Chilumbacho ndi chino, ndipo pa 10 February pamakhala tchuthi, chiboliboli cha Paulo chimanyamulidwa pamapewa m'misewu yomweyi. Khomo la tchalitchichi ndi losavuta kuliphonya, lili pakati pa nyumba wamba.

Masitepe a m'misewuyi ndi aafupi msinkhu koma otakata, ndipo anthu akuno amati anawapanga choncho kuti msilikali wovala zachitsulo azitha kukwera osapinda kwambiri bondo. Amasokoneza mwendo, chifukwa phazi limayembekezera kutsika kwambiri kuposa momwe sitepeyo ilili. Choopsa chenicheni ndi mwala wake. Wapondedwa zaka mazana anayi mpaka kusalala, pakati pa sitepe iliyonse pali kachigwa, ndipo kukangowaza mvula, makamaka October mpaka February, umaterera ngakhale mutayenda mosamala. Patapata ndi nsapato za chikopa pansi zisiyeni kunyumba, valani za mphira. Mukamayang'ana makonde a matabwa obiriwira ndi ofiira amene alendewera pamwamba pa msewu, imani kaye, musayende maso ali kumwamba.

Kunsonga kuli St Elmo, linga limene linagwa pa 23 June 1565 litalimbana kwa mwezi wathunthu. Muli nyumba yosungira za nkhondo, momwe muli mendulo ya George Cross imene mfumu George VI ya ku Britain inapereka kwa dziko lonse mu April 1942, yomwe ija ili pangodya ya mbendera yawo. Amatseka kusanade, ndiye ngati mwafika mochedwa ingopitirirani ku Lower Barrakka, munda wina waulere wopanda chikhamu.

Kuchoka pamenepo musabwerere chokwera ndi Republic Street. Tsatani msewu wa m'mphepete mwa Grand Harbour mpaka pansi pa Upper Barrakka, pomwe pali chikepe cha mamita 58 chimene chinatsegulidwa mu 2012. Yuro imodzi, masekondi osakwana 30, mwafika pamwamba, ndipo depoti ya basi ili mphindi zisanu kuchokera pamenepo. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu, pafupi ndi chikepecho pali boti lowolokera ku Cospicua, komanso timabwato ta matabwa topita ku Birgu pa mayuro ochepa, tolipira ndalama ya m'manja. Musanakwere funsani nthawi ya boti lomaliza, chifukwa m'nyengo yozizira amaweruka msanga, ndipo mphepo ikakula sayenda n'komwe. Zikatero muzungulira doko lonse pabasi. Khadi yanu yokhalira m'dziko, kapena pasipoti ngati ndinu mlendo wa visa ya Schengen, ikhale m'thumba la m'kati, osati m'chikwama cha kumsana, makamaka m'basi zodzaza za madzulo.

Sabata ya mawa tikwera basi ya ku Mdina ndi Rabat. Zikomo pomvetsera.