Firiji ikamagwira, yang'anani ethi

Zikomo amfumu potipatsa mpata, zikomo amayi ndi abambo nonse. Tiyambe ndi funso la amayi ali kumbuyoko, akuti firiji yawo yakale imawagwira akaikhudza opanda nsapato, makamaka pansi pakanyowa, komabe imaziziritsa bwinobwino. Amayi, firijiyo muizimitse lero lomwe, muzule pulagi, mpaka wamagetsi aione.

Chifukwa chake ndi ichi. Magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba ali mavolti 230, ndipo pulagi yathu ya mano atatu ili ndi mawaya atatu. Wabulauni ndi laivi, ndiye amabweretsa moto. Wabuluu ndi nyutulo, wobwezera. Wa mizere yobiriwira ndi yachikasu ndi ethi, ndipo amalumikizidwa ku dzino lalitali lapamwamba lija. M'nyumba zakale laivi ndi wofiira, nyutulo wakuda, ethi wobiriwira. Firiji, ketulo kapena simbi zimagwira ntchito ndi mawaya awiri okha. Wachitatuyo amangokhala, kudikira tsiku lovuta. N'chifukwa chake anthu amamudula osaona kusintha kulikonse. Koma chipangizo chikakalamba, pulasitiki yokuta mawaya m'kati imauma n'kung'ambika, moto n'kuyamba kuthawira ku chitsulo chakunja. Ethi akakhalapo, motowo umadutsa mwa iye kupita pansi. Akasowa, umadutsa mwa munthu woyamba kukhudza.

Abambo afunsa za chitsulo chokhomera pansi chija, chimene waya wa ethi amalumikizidwako. Ndi ndodo yokutidwa ndi kopa, yotalika mita 1.2 kapena kupitirira, ndipo imakhomedwa yonse m'nthaka pafupi ndi mita ya magetsi. Mukafika kunyumba mukaione. Waya wake akhale womangidwa ndi kilampu yothina, osati wongokulunga. Nthawi zambiri timapeza wadulidwa ndi khasu polima m'mbali mwa nyumba, wabedwa ndi ofuna kopa, kapena pa kilampu pachita dzimbiri. Ena amathira mchere pa ndodoyo kuti ethi agwire bwino. Poyamba zimathandizadi, koma mcherewo umadya chitsulo. Dziwaninso kuti mu Okutobala, nthaka ikauma gwa, ethi amafooka, choncho kumuyeza ndi makina nthawi imeneyo n'kumene kumanena zoona.

Apa mumvetsetse, chifukwa ambiri amaganiza kuti mabureka ali m'bokosi aja amateteza munthu. Bureka imateteza waya kuti asapse. Ya maampu 20 imadikira moto wopitirira maampu 20 kuti igwe, pamene moto wosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a ampu imodzi ukhoza kuimitsa mtima. Ngakhale ndodo ya ethi ilipo, nthaka ikakhala youma moto wothawa ukhoza kukhala maampu 4 kapena 5 okha, bureka osagwa, chitsulo cha firiji chikadali ndi moto. Choteteza munthu ndi china, amagetsi amachitchula kuti earth leakage kapena RCD. Chimayerekeza moto wolowa pa laivi ndi wobwerera pa nyutulo, ndipo akasiyana ndi 30mA, kagawo kochepa kwambiri ka ampu imodzi, chimadula nthawi yomweyo. Muchizindikira ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Dinani kabataniko pa miyezi itatu iliyonse. Magetsi akapanda kuthima, chafa, chisinthidwe. Ngati m'bokosi mwanu mulibe kabatani kotere, ndalama yoyamba yokonzera nyumba ipite pamenepo, penti adikire. Ndipo chikamagwa kawirikawiri musalole munthu kuchidumphitsa. Zulani zipangizo zonse, chikwezeni, kenako bwezerani chimodzichimodzi. Chimene chagwetsa ndicho chodwala, ndipo kawirikawiri ndi ketulo, giza kapena mbaula yamagetsi yomwe elementi yake yaboola.

Pali chinyengo china: wina posafuna kukoka waya wa ethi amalumikiza nyutulo ndi ethi kuseri kwa soketi. Poyeza mwachangu zimaoneka zabwino. Tsiku limene nyutulo adzaduke penapake, chitsulo cha chilichonse cholumikizidwa pamenepo chidzakhala ndi moto.

Za kukula kwa mawaya, sungani manambala awa. Magetsi ounikira amafuna waya wa 1.5mm, masoketi 2.5mm, kuka yaikulu 6mm yokhala ndi bureka yakeyake. Waya wochepa pa bureka yaikulu amatentha m'siling'i popanda womuona, bureka ili chiimire. Samalaninso ndi mawaya otchipa kwambiri, ena kunja amaoneka ngati kopa koma mukawapala ndi mpeni m'kati ndi oyera, ndi aluminiyamu, ndipo amatentha msanga. Polumikiza mawaya pakhale bokosi ndi zomangira za sikuluu. Kupota mawaya n'kukulunga jumbo ndiko kumayatsa nyumba. Waya wodutsa m'mphepete mwa lata alowe m'paipi, chifukwa lata limadula pang'onopang'ono ndipo denga lonse likhoza kukhala ndi moto. Makoswe nawonso amatafuna mawaya m'siling'i. Soketi ikada, ikamatentha, ikamalira kuti tsetsetse kapena kununkha pulasitiki yopsa, sikuluu yamasuka m'kati, musaigwiritsenso ntchito.

Achimwene afunsa za katundu wochokera ku Joni, wa pulagi ya mano ozungulira. Musadule pulagi n'kulowetsa mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi. Gulani pulagi ya mano atatu, mawaya onse atatu amangidwe, ndipo chingwe chipanidwe pa khungu lakunja. M'pulagimo muli fyuzi: ya maampu 3 ndi ya wailesi, nyale ndi zina zosakwana mawati 700, ya maampu 13 ndi ya ketulo, simbi ndi mbaula. Fyuzi ikapsa musaikemo waya kapena kapepala konyezimira, yapsa chifukwa penapake pali vuto.

Ekisitenshoni yonse, kaya ili ndi mabowo angati, imanyamula maampu 13 okha, pafupifupi mawati 3,000. Ketulo ya mawati 2,000 ndi mbaula ya mawati 1,500 pamodzi zapitirira kale. Hita yoviika m'ndowa ija, musayese madzi ndi chala ili pa moto, zulani kaye, ndipo ana asayandikire. Magetsi akathima, zimitsani mbaula ndi simbi nthawi yomweyo, chifukwa amabwera usiku anthu ali m'tulo.

Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja. Thamangirani ku switchi yaikulu. Ikakhala kutali, mukankheni ndi mtengo wouma mutaima pouma, kenako apite kuchipatala ngakhale akuti ali bwino, poti mtima umatha kusokonekera pambuyo pake. Moto wa magetsi sazimitsa ndi madzi. Dulani magetsi kaye, thirani mchenga. Waya wa ESCOM akagwa, talikirani ndipo aimbireni foni eni ake. Wokonza mawaya m'nyumba mumufunse chiphaso cha MERA, ndipo asanachoke adine kabatani ka Test kaja inu mukuona. Amfumu, tilandireko mafunso ena.