Mawu a m'mawa: khoka sakoka mmodzi

Mwadzuka bwanji abale anga mwa Ambuye? Lero tili pa Eksodo 2:11, paja Mose atakula anatuluka kukaona abale ake akuvutika ndi akatundu olemera. Kwa Farao amadya bwino koma anatuluka. Nanunso tulukani, bwerani mugwire chingwe.

Ife akunyanja tikudziwa kuti khoka sakoka mmodzi. Pitani ku Makawa m'mamawa mukaone, anthu ali m'mizere iwiri, mapazi azika mumchenga, chingwe chikuwotcha m'manja, wina akutsogolera nyimbo. Ndiye pamakhala uja woima poteropo manja m'thumba, nsomba zikangofika kumtunda woyamba kuthamanga ndi beseni ndi iyeyo.

Ine sabata ino mtima sunakhale m'malo. Kuntchito kwathu malipiro achedwa, tinapangana kuti tikaonane ndi abwana tonse limodzi mwaulemu, tsiku litafika wina mutu, wina maliro, wina foni yathima, tinatsala ochepa pakhomo la ofesi tikungoyang'anana. Mantha ndikuwamvetsa, ana akufuna nsima, ntchito ikusowa. Koma ndalamazo zikatuluka mudzabwera ndi beseni lanu, eti?

Usiku tulo titakana ndinakumbukira Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wobadwa 1896, wophunzira ku Livingstonia. Anapita kukafuna ntchito kunja ngati momwe anyamata athu a kuno ku Mangochi amapitira ku Joni, anadutsa ku Mozambique ndi Rhodesia mpaka kukafika ku Cape Town mu 1918. Mlendo ameneyo, wophunzira, akanatha kungodzisungira kantchito kake n'kukhala chete. Koma mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ndi anthu onyamula katundu kudoko, chaka chomwecho ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo pofika 1927 mamembala anali cha m'ma 100,000, mpaka iye kukalankhulira antchito akuda ku Ulaya. Mwana wakwathu ameneyo!

Sanali mngelo ayi. Bungwelo linadzang'ambika chifukwa cha mikangano ya atsogoleri ndi nkhani za ndalama, mzere wina kukokera uku wina uko, nsomba n'kuthawira pakati. Kadalie anamwalira ku East London, mzinda wa ku South Africa, mu 1951. Ngakhale Mose yemwe tsiku lija anapsa mtima n'kulakwitsa. Komabe onsewa chingwe anachigwira, m'manja munatuluka matuza.

Inu amene muli ku Joni, mnzanu akamanidwa malipiro chifukwa alibe mapepala musamangoti bola ine. Amayi a mumsika, aphunzitsi, alonda a m'maloji, chimodzimodzi. Kupemphera tipemphere ndithu, koma tikati ameni tidzuke tikagwire chingwe.

Lolemba tikupitanso kwa abwana, 8 koloko. Amutu aja mumweretu panado. Enanu mutikumbukire m'mapemphero, Ambuye akusungeni lero.