Juzi ya m'kati mwa malaya

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu a m'mawa uno akuchokera pa Miyambo 17:17, pomwe tikumva kuti bwenzi limakonda nthawi zonse, ndipo m'bale adabadwira kuti akuthandize tsoka likagwa.

Ndikamawerenga vesi imeneyi ndimakumbukira Gianluca Vialli, katswiri womwetsa zigoli wa ku Cremona m'dziko la Italy. Mu 1984 adapita ku Sampdoria, timu ya mumzinda wa Genoa, ndipo kumeneko adapeza mnyamata mnzake, Roberto Mancini. Ubwenzi wawo udali wa ponda apa nane mpondepo, moti ochemerera adawatcha mapasa a zigoli. Mu 1991 adatengera Sampdoria chikho cha ligi, chimene timuyi sidachigwirenso mpaka lero, Vialli atachinya zigoli 19.

Chaka chotsatira, pa 20 May 1992, adafika mu ndime yomaliza ya chikho chachikulu cha ku Ulaya pa bwalo la Wembley ku London. Vialli mipata adaipeza, koma mpira udakana kulowa. Mu nthawi yowonjezera Ronald Koeman adachinyira Barcelona, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimenecho chidali chaka chake chotsiriza ku Sampdoria, ndipo mapasa aja adasiyana ndi chilonda mumtima.

Zotsatira zake okonda mpira mukuzidziwa. Chikho chidamupulumuka chija adakachinyamula ndi Juventus mu 1996 ali kaputeni. Ku Chelsea adampatsa uphunzitsi mu 1998 akuseweranso, n'kubweretsa zikho, koma atatenga FA Cup mu May 2000, pofika September adali atamuchotsa ntchito. Ku Watford adakhalako chaka chimodzi basi.

Mu 2017 madokotala adamupeza ndi khansa ya kapamba. Iye mwini adaulula pambuyo pake kuti ankavala juzi m'kati mwa malaya pofuna kuti anthu asaone kuti waonda. Abale anga, apa mtima wanga umasweka. Munthu yemwe ankaima pamaso pa khwimbi la anthu osanjenjemera, ankaopa maso a anzake omwe. Ndipo sindikumuweruza, chifukwa juzi imeneyi ifenso timaivala. Tikafunsidwa pakhomo pa tchalitchi timati tili bwino, pomwe kunyumba kuli ngongole, kuli pepala la kuchipatala lomwe tidabisa pansi pa matiresi, kuli banja lomwe latsala dzina lokha. Timaopa kusanduka nkhani. Mutu umodzi susenza denga, timanena tokha, koma denga lathu tikulisenza tokhatokha usiku wonse.

Vialli adafika poivula juziyo, nalankhula za matenda ake poyera. Mu 2019 adalowa mu timu ya dziko la Italy ngati mtsogoleri wa gulu lonse loyenda ndi osewera, ndipo mphunzitsi wa timuyo adali Mancini yemwe uja. Taonani, sadadikire kuti ayambe wachira. Adamulandira ali wowonda, tsitsi litapita, akuyenderabe kuchipatala, n'kumupatsa mpando pafupi ndi mnzake. Kwa ine chimenechi ndiye chachikulu. Ife wodwala timamuzonda kamodzi ndi botolo la Sobo, kenako timamuchotsa pa zonse, ati apume. Amatsala yekha ndi khoma, akumva kuti sakufunikanso.

Pa 11 July 2021, Italy idakumana ndi England mu ndime yomaliza ya chikho cha mayiko a ku Ulaya. Malo ake? Wembley. Bwalo lakale lidagwetsedwa n'kumangidwa lina, koma dothi ndi lomwe lija. Zigoli zidathera chimodzi kwa chimodzi, ndipo pa mapenate Italy idapambana 3-2. Vialli ndi Mancini, abambo awiri a zaka zoposa 50, adakumbatirana pabwalo, kulira ngati ana, patadutsa zaka 29 chichokereni pamalopo atagonja. Yosefe atagwa pakhosi pa Benjamini ku Igupto, ndikhulupirira kulira kwake kudali kotere.

Matendawo sadamusiye. Vialli adamwalira ku London pa 6 January 2023 ali ndi zaka 58. Chifukwa chake Mulungu adalola kuti zithe choncho, n'za Iye mwini. Chomwe maso athu adaona n'chakuti asadamuitane, adamubwezera mnzake wa paunyamata, pamalo pomwe adasweka mitima limodzi.

Tiyeni tipemphere. Atate, pagulu pano pali ena avala juzi m'mawa uno, ndipo Inu mukuwadziwa ndi maina. Apatseni munthu mmodzi woti amuuze zoona. Ife amene tili ndi mnzathu wodwala yemwe tidasiya kumuimbira foni, tichititseni manyazi mpaka timuimbire lero dzuwa lisadalowe. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.