Utsi wabuluu wa m'mawa, ndi uthenga wopita ku Ngabu

Moni abale anga onse kumudzi, a ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka, ndi inu amene mukundimvera muli konkuno ku Joni. Ndikulankhula ndili m'kachipinda kanga ku Turffontein, nditadzikulunga m'bulangete, chifukwa June wa kuno alibe chisoni. Ine wobadwira m'chigwa, kumene mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, kuzizira kumeneku sindinakuzolowerebe chibwerereni mu 2019.

Nkhani ya lero yachokera kwa mng'ono wanga wa ku Ngabu. Sabata yatha ananditumizira mawu pa WhatsApp, mtima uli m'mwamba. Akuti, "Achimwene, njinga ija yayamba kufuka utsi. Makaniko wina wati injini yatha, tigule pisitoni ndi maringi." Njinga imeneyi ndinamugulira ndine, namondwe Freddy atakokolola munda wathu mu March 2023. Ndinadzimana miyezi yambiri kuti iye azichita kabaza, amayi asagone ndi njala. Ndiye mawu akuti injini yatha anandilasa pamtima.

Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha: utsiwo umatuluka nthawi yanji? Akuti m'mawa akangoliza, kenako umaleka. Akutinso tsiku lina anatsika phiri kuchokera ku Blantyre, njira yonse ya makona ija moto atatseka, ndipo atafika pa Thabwa n'kukoka moto, utsi wabuluu unangoti tolo kumbuyo. Ndinamuuza kuti, mphwanga, usagule kanthu kaye.

Matenda amenewa ndimawadziwa chifukwa yanga inadwalapo chaka chatha. Kuno ndimagwira ntchito yoperekera zakudya m'makomo, ndipo njinga ndiye khasu langa. Ikagona tsiku limodzi, lendi ya chipinda siigona nayo.

Pamutu pa injini pali mavalavu awiri, ina yolowetsa petulo ndi mpweya, ina yotulutsa utsi. Pamwamba pamenepo pamayenda oyilo wambiri. Chimene chimaletsa oyiloyo kutsetsereka ndi mwendo wa valavu n'kukagwera kumene moto umayaka ndi kamphira kakang'ono, kosaposa nsonga ya chala, kokhala ndi kasipuling'i kozungulira pakhosi pake. Amakaniko amati valve seal. Kamphira kameneka kakapsa ndi kutentha kamauma gwa, ndipo njinga ikagona usiku oyilo amadontha pang'onopang'ono. M'mawa mukaliza, ndi uja akupsa. Potsika phiri moto uli wotseka, injini imayamwa mwamphamvu, ndiye imakoka oyilo kudzera pomwepo. Maringi, mphete zachitsulo zozungulira pisitoni, akatha zimasiyana: utsi suleka, umachuluka mukamakoka moto, ndipo njinga imafooka pokwera mtunda. Tangoganizani tsono njinga ya kabaza yoyenda masana onse pa dzuwa la ku Ngabu, itanyamula munthu ndi thumba la mapira. Mphira wanji angapirire zaka?

Yanga ndinaikonza ndekha Lamlungu lina, kuseri kwa nyumba, nditayala katoni pansi. Sikuti ndine makaniko ayi. Ndili mnyamata ndinkakhala pansi pa mtengo wa nimu ku Nchalo, ndikuwapatsira masipanala amalume anga, ndipo zimene maso anaona nthawi imeneyo ndi zimene zinandipulumutsa ku dziko la eni.

Injini yanga ndi ya mtundu wa CG, yopanda tcheni cha timing pamwamba, ngati njinga zambiri za kabaza kwathuko. Ndinadikira kuti izizire, n'kuchotsa thanki, ekizozi, kabureta, pulagi ndi chivindikiro cha pamwamba. Ndinazungulitsa injini ndi dzanja mpaka chilembo T cha pa gudumu lozungulira m'mbali mwa injini chitafika pa chizindikiro chake, mavalavu onse ali otseka, kenako ndinamasula mutu wonse n'kuuika pa thabwa. Chilichonse chimene ndinkachotsa ndinkayamba ndachijambula pa foni.

Pamene pali ntchito ndi pa sipuling'i ya valavu. Imagwidwa ndi tizitsulo tiwiri tating'ono ngati njere za mpunga, ma collet. Kuti tituluke, muyenera kupanikiza sipuling'iyo. Chida chake chenicheni ndinalibe, ndiye ndinabwereka G-clamp, chida chopanira matabwa, kwa mnzanga wa ku Zimbabwe amene amapala matabwa, n'kudula kapaipi kachitsulo, n'kukaboola zenera m'mbali kuti ndizitha kutola tizitsulo tija. Valavu yoyamba inayenda bwino. Pa yachiwiri kapaipi kanaterereka, ndinangomva kuti tswi, collet imodzi yauluka.

Abale, ndinakhala pansi. Linali Lamlungu madzulo, mashopu otseka, Lolemba ndiyenera kukhala pamsewu, ndipo ndalama ya mankhwala a amayi ndinali ndisanatumize. Ndinakwawa pabwalo lonse dzuwa likulowa, zala zitachita dzanzi ndi mphepo. Mayi wina wachikulire wa chipinda choyandikana nane, amene chibwerereni tinkangopatsana moni basi, anatuluka ndi wailesi yakufa, n'kundilozera sipika yake. Ndinachotsa maginito, n'kuyamba kuyendetsa m'mphepete mwa khoma. Kanamata pafupi ndi ngalande, mwina chikhatho chimodzi kuti kagwere m'dzenje. Mayi uja ndimamugulira buledi mpaka lero. Inu mukamachita ntchito imeneyi, phimbani sipuling'i ndi nsanza, ndipo maginito akhale pafupi musanayambe.

Timphira takale tinatuluka ndi pulayala, touma ngati chikopa chosiyidwa padzuwa, kamodzi kali kong'ambika. Musanaike tatsopano, bwezerani valavu m'bowo mwake n'kuigwedeza uku ndi uku. Ikamagwedera kwambiri, ndiye kuti bowolo, limene amati guide, ladyeka, ndipo mphira watsopano sakhalitsa. Yanga inali yolimba. Ndinapaka oyilo timphira tatsopano, n'kutikankha ndi soketi, ndi dzanja lokha, mpaka titakhala. Hamala ayi, ndapota nanu. Gasiketi ya mutu, imene imatseka mpata pakati pa mutu ndi thunthu la injini, ndinaika yatsopano, chifukwa yakale ikaphwanyika kamodzi siibwerera. Mabawuti ndinamanga modumphitsa, pang'onopang'ono, ili kenako la kutsidya kwake, ndipo pomaliza ndinayeza mpata wa mavalavu ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata, injini ili yozizira. Muyeso wake muutenge m'buku la njinga yanu, osati kwa mnzanu wa pa siteji.

M'mawa mwake inafukabe pang'ono, poti mu ekizozi munali mutatsalira oyilo. Pofika Lachitatu, utsi unatheratu.

Tsono iwe mphwanga, ndikudziwa kuti ukumvera. Timphira tiwiri ndi gasiketi ndapatsira mnyamata wina wa ku Dyeratu amene akukwera basi Lachisanu, yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Akafika akuimbira. Pakadali pano uziyang'ana oyilo m'mawa uliwonse usanalize, akatsika uwonjezere, usayende ndi injini youma. Katunduyo ukalandira, upite nayo njinga kwa amalume ku Nchalo Lamlungu, uwagulireko shuga, ndipo ukawauze kuti ndine ndakutuma. Manja awo akunjenjemera masiku ano, ndiye sipanala ukagwire ndiwe, iwo azikakuuza. Mukatsegula mutu undiimbire pa vidiyo, ndikufuna ndione ndekha mmene valavuyo ikugwederera.