Thukuta la m'khwapa ndi chithandizo cha leza

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nkhani ya m'khwapa ndi yochititsa manyazi kuikamba pagulu, koma tili ndi ana amene amaopa kukweza dzanja m'kalasi chifukwa malaya anyowa kale ndi thukuta lochuluka, ngakhale mu Juni kukuzizira. Anawa si auve ayi, musawanyoze. Madokotala vutoli amalitcha hyperhidrosis. Kawirikawiri limayamba munthu akamatha msinkhu, nthawi zina ndi la kumtundu, limagwira m'khwapa monse muwiri, ndipo munthu akagona tulo thukutalo limaleka.

Apa mundimvetsetse. Thukuta la usiku, lonyowetsa zofunda, makamaka munthu akuonda ndi kutsokomola kwa masabata awiri, ndi nkhani ina. Ameneyo apite kuchipatala akayezetse makhololo, chifukwa chikhoza kukhala chifuwa chachikulu. Vuto la chithokomiro limachititsanso thukuta, chimodzimodzi kusiya kusamba kwa amayi. Zimenezi leza (laser), makina a madokotala otulutsa kuwala kotentha, sachiza.

Tsono leza amene ena mwamuona pa foni amagwira bwanji ntchito? Pansi pa khungu pali tiziwalo totulutsa thukuta. Dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kuboola pang'ono, n'kulowetsa kachingwe kowonda kotulutsa kuwala kotentha. Kutenthako kumapsereza tiziwaloto, ndipo timene tafa sitimeranso. Ntchito yake ndi ya pafupifupi ola limodzi, munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Wina afunsa, nanga thupi lizizira bwanji? Lizizirabe. Thupi lili ndi tiziwalo timeneti pakati pa 2 ndi 4 miliyoni, ndipo ta m'khwapa ndi tochepa kwambiri, pafupifupi tiwiri pa 100 tilitonse.

Koma ndisakunamizeni. Pamatupa, pamachita dzanzi kwa masiku kapena masabata, ndipo wosadziwa ntchito akhoza kukuotchani n'kusiya chipsera. Kafukufuku wa njirayi anachitika pa anthu ochepa, mtengo wakenso ndi wokwera. Leza wochotsa tsitsi wa m'masaluni ndi wina, si ameneyu.

Palinso jakisoni wa Botox, amene ku America anamuvomereza pa vutoli mu 2004, koma mphamvu yake imatha pakapita miyezi ingapo ndipo muyenera kubayitsanso. Makina a miraDry anavomerezedwa mu 2011, iwo amatenthetsa tiziwaloto popanda kuboola khungu.

Ine ndimati tiyambire pafupi. Kufamase funsani mankhwala opaka okhala ndi aluminium chloride, osati perefyumu wongobisa fungo. Pakani usiku pokagona, m'khwapa mutauma bwinobwino, m'mawa n'kusamba. Musapake mutangometa kumene, zimawawa ngati tsabola. Yesani kwa masabata angapo. Zikakanika, uzani adokotala kuti thukutalo linayamba liti, limabwera nthawi yanji, ndiponso mankhwala ena alionse amene mukumwa.