Mowa wa Pachisangalalo ndi Mimba Yovutavuta

Zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Sunthirani pafupi pang'ono, chifukwa nkhani ya lero ndi ya m'mimba ndi kuchimbudzi, si yoti munthu azichita kukuwa nayo.

Nonse mwamva zimene zinachitika sabata yatha. Mnyamata wathu uja anapita ku ukwati ali bwinobwino, anavina, anasangalala ndi anzake. Pofika m'bandakucha anali atapindika ngati chikwakwa, m'mimba mukupotokola, ulendo wa kuchimbudzi wosalekeza. Dzuwa lisanakwere n'komwe, mbiri inali itafala kale yoti wina wamuthira poizoni m'tambula, ndipo ena mwa inu munayamba kutchula mayina a anthu. Ndalankhula naye mnyamatayu, wandilola kuti ndifotokoze popanda kumutchula dzina. Kuchipatala anamuyeza, ndipo poizoni sanapezeke. Iyeyu ali ndi vuto la m'mimba limene madokotala anamuuza kalekale, lotchedwa IBS. Usiku umenewo anamwa mabotolo 7, n'kuwonjezera matoti a mowa waukali, m'mimba mulibe kanthu chidyere masana. Ndiye amene munaloza anzanu chala, mukapepese. Ndikunena mwaulemu, koma mukapepese ndithu.

IBS ndi chidule cha dzina la Chingerezi lakuti irritable bowel syndrome. Tinene kuti ndi mimba yovutavuta. Munthu amamva kupweteka m'mimba mobwerezabwereza, mimba imatupa ndi mpweya, ndipo chimbudzi chimasintha. Wina amatsegula m'mimba pafupipafupi, wina amadzimbidwa masiku angapo osachita chimbudzi, winanso zimasinthanasinthana. Madokotala ali ndi muyezo wake umene anagwirizana mu 2016, wotchedwa Rome IV. Muyezowu umati kupwetekako kuzibwera tsiku limodzi kapena kuposa pa sabata, kwa miyezi itatu, kuzigwirizana ndi kachitidwe ka chimbudzi, ndipo vutolo likhale kuti linayamba miyezi 6 yapitayo kapena kuposa. Ndiye kutsegula m'mimba kwa masiku awiri si IBS ayi. Vutoli ndi lofala padziko lonse, ndipo limagwira kwambiri amayi kuposa abambo. Ena limawayamba atachira matenda otsegula m'mimba obwera ndi tizilombo: tizilomboto tinatha, koma matumbo anatsala osakhazikika.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti akakuyezani, matumbo amaoneka abwinobwino. Palibe chilonda, palibe chotupa. Mpaka achibale amayamba kunena kuti ukunamizira, kapena ndi ulesi. Si kunamizira. Matumbo ali ndi mitsempha yambirimbiri imene imatumizirana uthenga ndi ubongo usana ndi usiku. Kwa munthu wa IBS mitsempha imeneyi imamva msanga. Kampweya kamene mnzake sangakamve n'komwe, iye kamamugoneka pansi. N'chifukwa chake nkhawa, kusagona ndi zimene wadya kapena kumwa zimamufika m'mimba mwachangu.

Tsopano pa mimba yotereyi tithirepo mowa.

Mowa ukalowa, umakwiyitsa khungu lofewa la m'kati mwa chifu ndi matumbo. Ukafika m'matumbo aang'ono, umasokoneza ntchito yoyamwa madzi ndi mchere, ndiye madzi amatsalira m'matumbomo. Matumbo aakulu nawonso amayamba kukankha mofulumira, osapatsa chimbudzi mpata woti chilimbe. Kutsegula m'mimba kwa m'mawa kuja gwero lake ndi limeneli. Wodzimbidwa naye sapulumuka. Mwaona kuti munthu akamamwa amangopita kokodza? Mowa umatsekereza timadzi ta m'thupi totchedwa vasopressin, timene timauza impso kuti zisunge madzi. Thupi likauma, limakatenga madzi m'chimbudzi, ndipo chimbudzicho chimauma gwa. Onjezanipo tulo. Woledzera amagona msanga, inde, koma ndi tulo tosapumitsa thupi, ndipo anthu a IBS ambiri amadziwa okha kuti akagona moipa, mawa lake mimba imavuta.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndibwereza kangapo mpaka mutope nane. Chimene chimagwetsa munthu wa IBS ndi kuunjika mowa tsiku limodzi. Mu 2013 akatswiri a ku University of Washington, mu mzinda wa Seattle ku America, anasindikiza kafukufuku amene anachita pa amayi a IBS. Amayiwo ankalemba tsiku ndi tsiku zimene amwa ndi mmene m'mimba mwachitira. Zinaoneka kuti amene amwa matambula 4 kapena kuposa tsiku limodzi ndi amene ankadzuka mawa lake akutsegula m'mimba, ali ndi nseru, m'mimba mukupweteka. Kwa amene anamwa pang'ono, kugwirizana kumeneku kunali kochepa. Mwamva mawu akuti mawa lake? Mimba siyankha nthawi yomweyo. Uli pachisangalalo paja umadzimva bwino, umati lero zandiyanja, n'kuitanitsa lina. Yankho limabwera tambala akulira.

Ndiye wina amati, ine sabata yonse sindimwa, ndimamwa Loweruka lokha. Achimwene, mabotolo 6 a Loweruka limodzi matumbo amawalandira onse usiku umodzi. Chiwindi chimatha kugaya pafupifupi tambula imodzi pa ola, ndipo sichifulumira chifukwa choti lero ndi ukwati. Osaunjika mowa tsiku limodzi.

(Bambo wina wachikulire akweza dzanja: "Pepani kukudulani pakamwa. Ine m'mimba mukandipotokola, ndimamwa katoti kamodzi ka mowa waukali, ndipo mumaleka. Si ndiye kuti kamachapa m'mimba, kupha tizilombo?")

Zikomo bambo, mwachita bwino kufunsa. Safunsa anadya phula, ndipo ndikudziwa kuti funso limeneli lili m'mitima ya anthu ambiri pano. Sindikukutsutsani kuti mumamva bwino. Mumamvadi bwino. Koma tione chimene chachitika. Mowa umagonetsa ubongo ndi mitsempha. Ululu uja sunachoke, wangophimbidwa, ngati kuvundikira moto ndi phulusa. Komanso ngati m'mimbamo munapotokola chifukwa cha nkhawa, katoti kaja kamatsitsa mtima kwa kanthawi, ndiye mimba nayo imamasuka. Mowa ukatha m'magazi, nkhawa imabwerera, nthawi zina yokulirapo, ndipo imapeza matumbo okwiyitsidwa kale.

Za kupha tizilombo. N'zoona kuti kuchipatala timapukuta khungu ndi spirit tisanabaye jakisoni, koma ameneyo amakhala wamphamvu pafupifupi 70 peresenti, ndipo ndi wa pakhungu, si wakumwa. Mowa waukali wa m'botolo nthawi zambiri umakhala pa 40 peresenti, ndipo ukangofika m'chifu umasungunuka ndi madzi ndi chakudya, n'kuyamba kulowa m'magazi. Sufika m'matumbo ndi mphamvu yochapa kanthu. Ndipo IBS si matenda oti muli kachilombo kamodzi koyenera kuphedwa. M'matumbo mwathu muli tizilombo tabwino tosawerengeka timene timathandiza kugaya chakudya, ndipo kumwa kwambiri kwa nthawi yaitali kumasokoneza timeneti.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa pa funso lanu, bambo, ndi china. Munthu akayamba kumwa mowa ngati mankhwala, katoti kamodzi sikakhalitsa kali kamodzi. Chaka chino kamodzi, chaka chamawa tiwiri, chifukwa thupi limazolowera. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chachiwiri, pa msinkhu wanu, kupweteka kwa m'mimba sitikuphimba tisanadziwe gwero lake. Ndinaonapo bambo wina amene kwa miyezi yambiri ankati ndi mpweya chabe, akumadzithandiza ndi katoti madzulo. Lamba anamuboola mabowo awiri atsopano chifukwa cha kuwonda, koma osapita kukayezetsa. Mkazi wake ndi amene anaona kuti chimbudzi chake ndi chakuda bii ngati phula la pamsewu. Chinali chilonda cha m'chifu chikutaya magazi. Anachira, koma anachita kumuthira magazi. Ndiye bambo, tikatha pano tionane, tikambirane patokha. Si mlandu ayi.

Nonsenu mumvetsetse apa. IBS siitulutsa magazi. Mukaona magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda, kuwonda popanda chifukwa, kutentha thupi, kuchepa magazi, kutsegula m'mimba kokudzutsani pakati pa usiku, kapena vuto la m'mimba loyamba kumene muli ndi zaka 50 kupita m'tsogolo, musanene kuti ndi mimba yanga ija, musanenenso kuti ndi matsire. Pitani kuchipatala. Chimodzimodzi ngati m'banja mwanu wina anadwalapo khansa ya m'matumbo. Ndipo IBS musadzipeze nayo nokha, akuuzeni ndi dokotala atakuyezani.

Ena mufunsa kuti nanga mowa wabwino ndi uti. Mowa wabwino ku thanzi kulibe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena poyera mu Januwale 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thupi, ndipo mowa uli m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ya m'matumbo yomwe. Amene simumwa, musayambe. Koma ndikudziwa kuti ambiri mumamwa, ndipo kukubisirani sikungakuthandizeni. Ku Monash University, mu mzinda wa Melbourne ku Australia, akatswiri anafufuza mitundu ya shuga imene matumbo amavutika kuyamwa, imene anaipatsa dzina lakuti FODMAP. Shuga ameneyu amakokera madzi m'matumbo, kenako tizilombo ta m'matumbo aakulu timamusasitsa n'kutulutsa mpweya. Anapeza kuti rum ndi vinyo wotsekemera kwambiri ali ndi shuga wotereyu wochuluka, pamene gin, vodka, whisky ndi vinyo wamba ali naye wochepa munthu akamwa tambula imodzi. Mowa wa thovu wa m'mabotolo nawonso shuga ameneyu ndi wochepa, koma uli ndi mpweya, ndipo mumaumwa wambiri, ndiye mimba imakhala ndendende ngati ng'oma.

Kawirikawiri chopweteka chimakhala chosakanizira. Juwisi wa maapozi kapena wa mango, zakumwa za gasi, zakumwa zopatsa mphamvu zija zodzaza ndi caffeine, chija chopezekanso mu khofi chimene chimathamangitsa tulo, ndi zina zotsekemeretsa ndi sorbitol. Achinyamata, ndikuyang'ana inu. Caffeine payekha amafulumizitsa matumbo, komanso amakupangitsa kudziona ngati sunaledzere, ndiye umapitiriza kumwa. Ndipo musachoke pano n'kumati anena kuti gin alibe vuto. Sindinatero. Gin wa matoti 6 akugwetsani chimodzimodzi. Kuchuluka kwa tsiku limodzi kuja, ndiye mdani.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono inu anzake a munthu wodwala. Mnyamata uja anandiuza kuti atamwa mabotolo awiri anafuna kulekeza. Anaika dzanja pakamwa pa tambula. Mnzake anachotsa dzanjalo n'kuthira, amvekere, iwe wayamba liti kukana, ukufuna kutinyoza? Ndipo iye anachita manyazi kunena pagulu kuti amatsegula m'mimba. Ndani anganene zimenezo pamaso pa atsikana, nyimbo zikulira? Anamwa kuti asakhumudwitse anzake. M'bandakucha uja anzakewo anali m'tulo kwawo, iye ali yekha kuchimbudzi, thukuta lili kamukamu, mayi ake atagwira tochi pakhomo akulira poganiza kuti mwana wawo akufa. Mnzako akati ndakwana, wakwana. Sakuyenera kukufotokozera za m'matumbo mwake. Mugulireni madzi, mukhale naye, muzicheza. Chimene anabwerera ndi kucheza kumeneko.

Ndipo inu a IBS, musadzitsekere m'nyumba chifukwa choopa mimba. Ndikudziwa ena amene anasiya kupita kumaphwando, ena akafika pamalo chinthu choyamba amayang'ana kumene kuli chimbudzi. Kuyang'anako n'kwanzeru, palibe chochititsa manyazi. Koma kudzipatula kumakulitsa nkhawa, ndipo nkhawa imabwereranso m'mimba momwemo.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ana nawonso atopa, ndiye ndithamange. Idyani kaye musanamwe, chakudya chimene mimba yanu inazolowera, osati zonona kwambiri, za tsabola, kapena zodzaza anyezi ndi adyo. Sankhani nambala musananyamuke kunyumba, imodzi kapena ziwiri, ndipo muuzeni mnzanu mmodzi wokhulupirika kuti akukumbutseni. Tambula ya mowa, tambula ya madzi, mosinthanitsa. Imwani mosathamanga, ndipo musalole kukuwonjezerani tambula isanathe, chifukwa mumataya chiwerengero. Sabata imene mimba yavuta kale, kapena simunagone bwino, mowa ayi. Lembani m'kabuku kwa mwezi umodzi zimene mwamwa, kuchuluka kwake, ndi mmene mwadzukira mawa lake, chifukwa mimba zimasiyana. Mukaona kuti ngakhale tambula imodzi ikukuvutani, siyiranitu.

Mankhwala, ndisaiwale. Amene munapatsidwa amitriptyline wa ululu wa m'mimba, ndi mowa amagonetsa koopsa. Metronidazole, mankhwala aja opha tizilombo, osamwa mowa mpaka patapita masiku osachepera awiri mutamaliza. Loperamide, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, si chiphaso chomwera mowa, musamamwe kuti mutseke m'mimba kenako n'kukaunjika. Pa matsire pewani ibuprofen ndi aspirin m'mimba muli mopanda kanthu, amapweteka chifu. Mukatsegula m'mimba, imwani madzi ambiri ndi ORS, madzi aja a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi. Amayi oyembekezera, mowa ayi, ngakhale dontho. Ndipo amene mukati musiye mowa manja amanjenjemera, musasiye mwadzidzidzi panokha, bwerani tikuthandizeni.

Osaunjika tsiku limodzi, ndabwerezanso. Amene muli ndi mafunso oti simungafunse pagulu, ndikhala pampando uwu mpaka nonse muthe. Bambo aja a katoti, muyambe ndinu.